Mwana wanga sagona chifukwa cha TikTok

Funso: Azakhali, ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo ndimagulitsa mbatata ya kachewere. Ogula anga a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete timamvana pa WhatsApp, ndalama amatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola. Vuto ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 11. Ndikangogona amasolola foni kumutu kwanga, n'kudzifunditsa bulangete, TikTok mpaka tambala woyamba. Aphunzitsi akuti akumasinza m'kalasi. Inenso ndikufuna kusiya Facebook, ikundidyera nthawi ndi ndalama. Kodi ndingogulitsa foniyi? Mayi wodandaula, Ulongwe.

Yankho: Mayi, foniyo musagulitse, ndi khasu lanu. Chotsanimo TikTok ndi Facebook, koma musiyemo WhatsApp ndi zolandirira ndalama. Muchite zimenezi masana, mwanayo akuona, ndipo muyambe ndi Facebook yanuyo. Akaona kuti amayi akenso asiya chimene amachikonda, sadzamva ngati mukumulanga yekha. Mukasankha kufufutiratu akaunti, a Facebook amakupatsani masiku 30 oti musinthe maganizo. Ngati muli zithunzi za abale zomwe mukuzifuna, zisungeni kaye.

Mwanayo musamukwapule. Timavidiyo ta pa TikTok timeneti anatikonza dala kuti tisamathe: kena kakatha, chala chikangokhudza, kabwera kena, ndipo amakubweretsera zofanana ndi zomwe wayang'anitsitsa. Akuluakulu amene zimawakanika kusiya, nanga mwana? Eni ake a TikTok ndi Facebook salola mwana wosakwana zaka 13 kutsegula akaunti, ndipo dziko la Australia mu 2024 linakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti zoterezi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi usikuwo. Mtsikana wa msinkhu umenewu ali yekha m'bulangete, simudziwa amene akumulembera. Musanachotse chilichonse, khalani naye pamphasa, muone limodzi mauthenga ake, mumufunse mofatsa kuti uyu ndani, uyu anamudziwira kuti. Mukapeza munthu wamkulu wopempha zithunzi, sungani mauthengawo mukaonetse apolisi.

Sinthani nambala yotsegulira foni, ndipo usiku izigona m'chikwama chokhoma. Akamaliza ntchito ya kusukulu ndi kutsuka mbale, muzimubwereka theka la ola pakhonde, inu muli pomwepo. Bambo ake ndi achimwene ake muwauze zomwe mwagwirizana, kuopa kuti angamakabwereke yawo. Masiku oyamba adzakwiya, mwina n'kukana nsima. Musabwerere m'mbuyo, ndipo pakatha mwezi mukafunse aphunzitsi ngati akusinzabe.