Vani ya katundu wachangu: funsani maola a injini

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Mercedes-Benz Sprinter, Ford Transit ndi Ram ProMaster ndi iti yomwe singakusiyeni panjira mukayamba kunyamula katundu wachangu, uja wofunika kufika lero lomwe kapena mawa m'mamawa. Ntchitoyi ndaigwira zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso anga.

Zitatuzi n'zolimba ndithu. Transit ilipo kuyambira 1965, Sprinter kuyambira 1995, ndipo ProMaster ndi Fiat Ducato yomwe anaikonzera msika wa ku America. Koma chimene chimatha vani pantchito imeneyi ndi kudikira. Mumafika usiku, geti n'lotseka, mumagona m'galimoto injini ikulira mpaka kuche kuti musazizidwe. Makilomita sakuwonjezeka, koma injini ikukalamba. Ikakhala ya dizilo yamakono, mwaye umadzaza mu DPF (sefa yogwira mwaye wa mu utsi) ndi mu EGR (chipangizo chobwezera utsi wina mu injini), chifukwa DPF imadziyeretsa pokhapokha utsi ukatentha kwambiri, monga mukamathamanga mtunda wautali. Ine zinandigwera ndili ndi mapaleti 2 (timathandala tosanjikapo katundu) kumbuyo. Nyale yachikasu yochenjeza ya padashibodi inayaka, injini n'kudzichepetsa mphamvu, ndinachita kukwawa mpaka kugalaja. Katundu anafika tsiku lotsatira, ndipo kasitomala uja sanandiimbirenso. Zimandipwetekabe mpaka lero, chifukwa nyaleyo inali itandichenjezapo kale ine n'kuinyalanyaza.

Choncho mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, musakhutire ndi makilomita okha. Funsani maola omwe injini yakhala ikulira, makaniko awerenge ndi kompyuta, ndipo muone mapepala a sevisi. Mwini wake akamazemba kukuonetsani mapepala, ingoisiyani.

Iliyonse ili ndi pofooka pake. Transit ya dizilo ya 2.0 EcoBlue ili ndi lamba wa timing (wogwirizanitsa kayendedwe ka zipangizo za mu injini) wozungulira mkati mwa oyilo. Mukachedwa kusintha oyilo kapena kuthira wolakwika, lambayo amanyenyeka, tizidutswa n'kutseka polowera pampu ya oyilo, injini n'kuwonongeka. Sprinter ya 3.0 V6 imadziwika ndi kudontha oyilo pa oil cooler (choziziritsira oyilo), ndipo kachipangizo kosinthako n'kakang'ono koma kuti makaniko akafikire amamasula zambiri. ProMaster imakoka ndi matayala akutsogolo, pansi pake n'potsika moti kukweza katundu sikuvuta, ndipo injini yake ya petulo ya 3.6 V6 ilibe za DPF kapena AdBlue (madzi oyeretsera utsi wa dizilo). Imangodya mafuta ambiri.

Zolemera musamaganizire, werengani chikwangwani cha pachitseko. Vani yolembedwa 3,500 kg, nambalayo ikuphatikiza galimoto, inuyo, mafuta ndi katundu yemwe. Mukapyola, mabuleki ndi matayala ndiwo amayamba kulira. Matayala gulani okhala ndi chilembo C, opangidwira katundu.

Ndikanakhala inu, ndikanatenga mtundu womwe amakaniko ake ndi masipeya amapezeka msanga m'njira zomwe muzidutsa kawirikawiri, chifukwa vani yodikira chipangizo sabata yathunthu siikudyetsani. Ngati muzidikira nthawi yaitali pamageti, tengani ya petulo, kapena ya dizilo koma muikemo hita yapadera yoti muzigona injini yozima. Oyilo muzisintha nthawi yolembedwa m'buku isanakwane, ndipo musayambe ulendo woyamba musanasunge ndalama zokwanira kukokera galimoto ndi kukonzetsa kamodzi.