Amuna anga ndi apolisi ndipo akuti atopa ndi moyo: yankho kwa mayi wa ku Mulanje

Mayi wina wa ku Mulanje wandilembera imelo yofotokoza kuti amuna awo, omwe ndi apolisi, sagona tulo chigwirireni ntchito yofukula mitembo m'matope namondwe wa Freddy atasakaza m'Malichi 2023. Bambowo akumwa kwambiri, malipiro akuthera kwa akatapila, ndipo tsiku lina ananena kuti banja lingapume iwo atachoka padziko. Mayiwo akufunsa ngati n'koyenera kuuza akuluakulu a kuntchito, poopa kuwachotsetsa ntchito.

Mayi, mawu amenewo musawayese zolankhula za mowa. Tsiku limene sanamwe, khalani nawo pansi, muwafunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Funso lotere silipatsa munthu maganizo amene analibe, koma limamupatsa mpata wotula nkhawa.

Mtolo wa wapolisi ambiri sitiuona. Pakachitika ngozi pamsewu wa Limbe kupita ku Muloza, iye ndiye amanyamula thupi, n'kulemba lipoti, madzulo n'kubwerera kulaini kukadya nsima ngati palibe chimene waona. Komanso kwa zaka zambiri malamulo a dziko lino akhala akuona kuyesa kudzipha ngati mlandu, choncho munthu amene ntchito yake ndi kumanga olakwa zimamuvuta kwambiri kuulula kuti maganizo omwewo amufikira iyenso. Tikawonjezerapo zija timauza ana aamuna kuti mwamuna salira, sindidabwa kuti bambowa angokhala chete.

Pa funso lanu, ine ndikuti auzeni, koma musankhe munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya mkulu wa siteshoni kaya m'busa wa apolisi, ndipo ngati n'kotheka mupite limodzi ndi amuna anu. Pempho lanu likhale lachindunji: kwa kanthawi asapatsidwe mfuti, ndiponso apumitsidwe ntchito za usiku. Kunyumba, mankhwala a kumunda ndi otetezera chimanga kwa anankafumbwe mukasungitse kwa achibale. Maganizo odzipha amafika mwamphamvu kenako n'kuzilala, ndipo chida chikakhala patali, munthu amaidutsa nthawi yoopsayo ali moyo.

Kenako apite kuchipatala cha boma cha Mulanje kukaonana ndi oona za matenda a maganizo, omwe angawatumize ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero. Za ngongole muitane ankhoswe mukambirane poyera. Koma mukaona kuti ayamba kutsanzika kapena kugawa katundu wawo, musawasiye okha, ndipo musadikire kuti kuche. Apititseni kuchipatala usiku womwewo.