Geni ya ma recliner a ku Joni

Achimwene mwafunsa kuti geni ya ma recliner, mipando ya pabalaza yotha kugonekeka chagada ija, imayenda bwanji poti nanunso mukufuna muzikawoda ku Joni. Mpandowu si wa dzana ayi, anauyamba pachibale Edward Knabusch ndi Edwin Shoemaker ku Monroe, Michigan mu 1928, unali wamatabwa wokhalira pakhonde, kenako anaukuta ndi nsalu nkuutcha La-Z-Boy. TV italowa mmanyumba ku America unasanduka mpando wa bambo. Kunonso nchimodzimodzi, munthu akangokwezedwa pantchito amafuna wakewake pabalaza, mwana asayerekeze kukhalapo. Ine makasitomala anga ndi amenewo, ndimawadziwa ndi kayendedwe komwe.

Koma musamve zoti ndalama yake njophweka. Mu 2023 ndinatenga katapila nkuwoda 12 yamagetsi, yongodina batani ija. Katundu ali panjira mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kufika 1,700. Ndiye pa boda ina, sinditchula, kamnyamata ka yunifolomu kanangoyang'ana invoice yanga nkuti yabodza iyi, kanalemba mtengo wa mmutu mwake, ndimvekere bwana tiyeni tiyimbire shopu, iko kali pa foni kuseka ndi chibwenzi. Kamafuna ya fanta, ine makani. Masiku 9 ndikugona pansi pa thiraki, mvula yoyamba nkulowa pa tenti yobooka, inayi zitsulo zapansi dzimbiri lokhalokha. Mpaka lero ndikakaona mtima umandiwawa.

Yotsalayo ndinagulitsa, koma bwana wina waku Area 47 magetsi anathima iye atagona chagada miyendo mmwamba, mpando osabwerera. Madamu awo anandiimbira 10 koloko usiku kunditukwana ngati ndine ndathimitsa. Mapulagi akenso ndi ozungulira a ku Joni aja, soketi zathu sizilola, adaputa ndinagula ndi ndalama yanga.

Ngati mwalimbikira tengani yachogwirira pambali. Msana wake umazuka, muzule popakira, apo ayi transipota akudyerani pa malo. Chimene amati bonded leather, chikopa chopangidwa pomata zinyenyeswa za zikopa, chisiyeni, kutentha kwa October chimasupuka ngati njoka ikufundula, kasitomala adzakupezani ngakhale ku tchalitchi. Muutembenuze muone masipuling'i musanalipire.

Bwana wa ku Area 47 uja anandibwezera mpando wake. Uli kwanga, ukadali chigonere, amagonapo mphaka.