Caliban musamubise m'chigoba

Aphunzitsi, mwafunsa kuti pa sewero la Shakespeare la The Tempest limene ana anu akukonzekera, Caliban aoneke bwanji: chilombo cha mamba ndi zikhadabo, kapena munthu wolandidwa dziko. Langizo langa ndi loti nkhope ya mnyamatayo muisiye poyera. Chigoba ayi. Za kubwereka zovala za gule wamkulu, monga ena anenera, chonde zisiyeni, zimenezo zili ndi eni ake komanso malo ake.

Taonani kaye amene amamunyoza kuti si munthu weniweni. Ndi Prospero, amene anamusandutsa kapolo pachilumba chimene nkhaniyi ikuchitikira, ndiponso Stephano ndi Trinculo, anthu oti akungokhalira botolo. Trinculo yemweyo atamupeza ali gone atafunda chikhoti, anamva fungo n'kuyesa nsomba, koma ataona miyendo anavomera yekha kuti ameneyu ndi munthu wa pachilumbapo amene waombedwa ndi mphenzi.

Mayi ake a Caliban, Sycorax, mfiti ya ku Algiers, anatayidwa pachilumbacho ali ndi pakati. Atamwalira, mwanayo anatsala mwini malo. Prospero anafika atalandidwa ulamuliro wa Milan ndi m'bale wake Antonio, atanyamula mwana wake wamkazi Miranda wosakwana zaka zitatu. Poyamba ankamusisita Caliban, kumupatsa madzi a zipatso, kumuphunzitsa dzina la dzuwa ndi la mwezi. Nayenso Caliban anamuonetsa akasupe a madzi abwino, maenje a mchere, nthaka yachonde ndi yoguga. Patha zaka 12, ndipo mwini malo uja akugona m'phanga, akutolera mlendo nkhuni, akachita mwano mizimu imamutsina usiku wonse. Oonerera a kwathu kuno, amene agogo awo ankasimba za thangata, sadzafuna womasulira akadzamuona akulowa ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Kumuona chonchi si kupotoza sewero. Linalembedwa cha m'ma 1611, Angerezi atangoyamba kukhazikika ku Virginia, ku America, ndipo mu 1969 Aimé Césaire wa ku Martinique analilembanso, Caliban wake akhala kapolo wakuda wolowa pabwalo akufuula kuti Uhuru, kutanthauza ufulu m'Chiswahili.

Komabe apa ndi pamene ambiri amaterereka. Pomumvera chisoni amamuyeretsa kotheratu. Caliban anafuna kugwirira Miranda, ndipo Prospero atamukumbutsa zimenezi, sanapepese. Anadandaula kuti anamulepheretsa, akanadzaza chilumba ndi ana ake. Mzere umenewo musaudule ayi. M'kalasi mwanu muli atsikana, ndipo adzazindikira mukawabisira. Muuzeni wosewera Miranda kuti Caliban akangotulukira, iye abwerere m'mbuyo phazi limodzi, asamuyang'ane m'maso. Kameneko kokha kadzanena zonse. Ndi Caliban yemweyonso amene amauza Stephano kuti Prospero amagona masana, amuphe nthawi imeneyo, koma ayambe walanda mabuku ake a matsenga. Munthu wolakwiridwa ameneyu ndi wolakwanso, ndipo mnyamata wanu azisenze zonse ziwiri.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi mawu. Ine ndinaphunzitsapo mnyamata gawo limeneli, ndipo ndinalakwitsa pomulola kubangula kuyambira pachiyambi. Anthu anaseka ndithu. Koma titafika pa chigawo chachitatu, pamene Ariel, mzimu wotumikira Prospero, amaimba osaoneka ndipo zidakwa ziwiri zija zagwidwa mantha, mawu ake anali atasasa, ndipo malo okoma kwambiri m'sewero lonse anangodutsa osamveka. Pamenepo Caliban amawalimbitsa mtima kuti asaope, chilumbachi n'chodzaza ndi nyimbo zosapweteka munthu. Amati nthawi zina mawu amamugonetsanso atangodzuka kumene, n'kulota mitambo ikutseguka, chuma chili pafupi kumugwera, ndipo akadzidzimuka amalira kuti alotenso. Stephano ndi Trinculo amayankhula mawu wamba, koma Caliban nthawi zambiri Shakespeare anamupatsa ndakatulo, monga anachitira ndi mafumu. Mpaka lero zimandiwawa kuti tinaononga ndime imeneyo. Wanuyo aziinena pang'onopang'ono, atakhala pansi, maso ali kumwamba, ngati waiwala kuti pali anthu.

Zovala musavutike nazo. Chiguduli, mapazi opanda nsapato, dothi pang'ono m'mikono. Chofunika ndi msana: awerame Prospero akakhalapo, aongoke akatsala yekha. Akamatukwana, atukwane momveka bwino liwu lililonse, chifukwa iye mwini amati phindu limene anapeza pophunzitsidwa chiyankhulo ndi kudziwa kutemberera.

Kumapeto Prospero amavomera kuti Caliban, amene akumutcha chinthu cha mdima, ndi wake, n'kukonzekera kubwerera ku Milan. Seweroli silinena ngati Caliban anapita nawo kapena anatsala, ndiye chisankho chili kwa inu. Ndikanakhala ine, onse akamatuluka ndikanamusiya yekha kumbuyo kwa bwalo, atatula mtolo wa nkhuni uja pansi, ali chilili kumvetsera.