Yankho kwa achemwali amene afunsa za ife tinapita ku holide mu Febuluwale 2020

Achemwali, choyamba pepani kwambiri za imfa ya amalume anu amene mwati anatisiya mu Epulo 2020 kuno ku England. Mwafunsa kuti anthu amene tinakwera ndege kukaothera dzuwa mu Febuluwale chaka chimenecho kodi nkhani sitimazimva, ndipo kodi si ifeyo tinabweretsa corona chifukwa chokonda zosangalatsa. Ine ndi mmodzi wa anthu amenewo, tinapita ku Tenerife ndi bambo a kunyumba chakumapeto kwa mweziwo, ndiye ndikuuzeni mmene zinalili nthawi imeneyo chifukwa zambiri zomwe tikuzidziwa lero panthawiyo sitimazidziwa.

Matikiti tinagula chaka chinacho chisanathe, dzina loti Wuhan, mzinda wa ku China kumene matendawa anayambira, tisanalimve ndi komwe. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, shifiti kulowa kudakali mdima kuweruka kutada, ndipo amene munali kuno mukukumbukira mmene mwezi umenewo unalili, mphepo yamkuntho ya Storm Ciara kungodutsa, sabata yotsatira kunabwera Storm Dennis, madzi kusefukira m'nyumba za anthu ku Wales ndi madera ena, a zanyengo a Met Office mpaka ananena kuti Febuluwale wa mvula yochuluka choncho anali asanamuonepo chiyambire kulemba. Thupi limangofuna dzuwa basi. Tenerife ndi chilumba cha Spain koma chili kufupi ndi gombe la Africa, pa ndege ndi maola anayi ndi theka, ndipo mu Febuluwale kumafunda madigiri 20 kapena kuposerako pang'ono, nchifukwa chake anthu a kuno amathawirako nthawi yozizira.

Nkhani timamva ndithu. Timadziwa kuti Wuhan anatseka pa 23 Januwale, timaona sitima ija ya Diamond Princess itaima padoko ku Yokohama anthu ali otsekeredwa m'kati. Koma taonani zomwe akuluakulu amatiuza. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, atalengeza pa 30 Januwale kuti nkhaniyi ndi yadzidzidzi padziko lonse, mkulu wawo bambo Tedros ananenanso kuti sakulimbikitsa zoletsa maulendo. Kuno ku UK odwala oyamba anapezeka ku York pa 31 Januwale ndipo mmene ife timanyamuka onse pamodzi anali asanakwane ndi 15 omwe. Ku Spain woyamba anali mlendo wa ku Germany pachilumba cha La Gomera, pafupi pomwe ndi Tenerife, ndipo anali atachira kale nkutulutsidwa m'chipatala. Ngakhale dzina loti COVID-19 linali lachilendo, analipereka pa 11 Febuluwale. Panalibe chenjezo lililonse la boma loti musapite ku Spain, ndege zinali zodzaza ndi makolo ndi ana awo.

Chimene chinatiopsa kumeneko poyamba sichinali kachilombo ayi, linali fumbi. Loweruka pa 22 Febuluwale kunayamba mphepo imene eni ake amaitcha calima, imanyamula mchenga kuchokera ku chipululu cha Sahara nkuuwolotsa nyanja, ndiye Lamulungu kumwamba konse kunangofiira ngati kwinakwake kukupsa tchire, dzuwa osaoneka, phiri la Teide lomwe limaoneka paliponse osaoneka, nyanja imene inali pamphuno pathu osaoneka. Mchenga umalowa pansi pa chitseko, pakhonde mumatha kulemba dzina ndi chala patebulo, ukamwa madzi mano amachita kukukutika. Mabwalo a ndege anatseka, anthu kugona pansi pa eyapoti, zochitika zina za Carnival ku Santa Cruz anaimitsa. Masiki oyamba amene ine ndinaona anthu atavala mumsewu anali a fumbi limenelo, ena kumanga mpango kukamwa, ndipo palibe amene zimamubwerera kuti posachedwa tonse tidzakhala chonchi tsiku lililonse.

Fumbi litangoyamba kutha, Lachiwiri pa 25, ndi pomwe tinamva kuti hotela ina yaikulu ku Costa Adeje yazunguliridwa ndi apolisi. Dokotala wina wochokera kumpoto kwa Italy amene anabwera ku holide anapezeka ndi kachilombo, alendo anadzuka nkupeza kapepala pansi pa chitseko koti asatuluke m'zipinda, anthu pafupifupi 1,000 kuphatikiza ogwira ntchito. Ife timagona dera lina koma si kutali kwenikweni. Tsiku limenelo pachakudya cham'mawa aliyense maso anali pa foni, zoseka zinachepa, koma masana anthu anabwereranso ku dziwe losambira chifukwa uthenga unali woti ndi hotela imodzi yokha ndipo aitseka. Mayi amene amakonza chipinda chathu anandiuza ndi Chingerezi chake chochepa kuti iwo matenda sakuopa kwenikweni, akuopa alendo kuthawa, poti ku zilumba za Canary pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse limachokera kwa alendo. Mayi amenewo ndimawaganizirabe, chifukwa Malichi asanathe mahotela onse anali atatsekedwa ndipo mantha awo aja anapherezera.

Pobwera palibe anatifunsa kalikonse pa eyapoti. Malangizo a sabata imeneyo amati odzipatula ndi amene achokera ku Hubei (chigawo chimene kuli Wuhan), Iran, matauni otsekedwa a kumpoto kwa Italy ndi madera ena a ku South Korea. Poti ine ndimagwira anthu okalamba ndi manja anga ndinaimba 111, nambala ya azaumoyo kuno, ndisanabwerere kuntchito, anandifunsa ngati ndinagona mu hotela ija, ngati ndikutsokomola kapena kutentha thupi, nditati ayi anati pitani kuntchito.

Tsono pa funso lanu muli choonadi ndipo sindichibisa. Ofufuza a ku Oxford ndi Edinburgh atafufuza mmene kachilomboka kanalowera mu UK anapeza kuti kanalowa maulendo oposa 1,000, ndipo kwambiri kanachokera ku Spain, France ndi Italy, osati ku China monga ambiri timaganizira. Ndiye eya, apaulendo ndi amene anakanyamula. Koma anapezanso kuti kulowa kwambiri kunachitika chapakati pa Malichi, nthawi imene zinthu zinali zitaonekeratu poyera koma zipata zili chitsegulire. Pa 3 Malichi Boris Johnson, nduna yaikulu ya UK panthawiyo, anaima pamaso pa atolankhani nkunena kuti wakhala akupatsana moni wa pamanja ndi aliyense ngakhale kuchipatala komwe kunali odwala corona. Italy yonse inatsekedwa pa 10 Malichi, koma tsiku lomwelo mpikisano wa mahatchi wa Cheltenham unayamba nkuchitika masiku anayi, anthu miyandamiyanda atapanikizana. Pa 11 Malichi, tsiku limene a WHO ananena kuti uwu tsopano ndi mliri wa dziko lonse, masapota a Atlético Madrid pafupifupi 3,000 anaulukira ku Liverpool kudzaonera mpira ku Anfield pomwe kwawo ku Madrid masukulu anali atatsekedwa. Spain inatseka pa 14 Malichi mpaka ndege zina zinabwerera m'malere, kuno lokidauni inadikira mpaka pa 23, ndipo lamulo loti wobwera kuchokera kunja adzipatule masiku 14 linayamba pa 8 Juni. Munthu wamba amene wasunga ndalama chaka chonse ndipo boma lake likumuuza kuti ingosamba m'manja, inu mumafuna adziwe bwanji zoposa nduna ndi alangizi awo?

Chimene chimandiwawa ine kwambiri ndi zomwe ndinaona kuntchito. Pakati pa Malichi zipatala zinauzidwa kuti zichotse odwala mwachangu kuti mabedi apezeke, ndiye okalamba ambiri anatumizidwa m'nyumba zosamalira okalamba osayezedwa, lamulo loyeza aliyense linabwera pakati pa Epulo. Ife tinawalandira ndi masiki ochepa, imodzi kuvala shifiti yonse, ma epuloni apulasitiki opyapyala, ndipo agogo amene dzulo lake timawadyetsa phala mawa lake amavutika kupuma, ana awo ataima panja pa windo osaloledwa kulowa, ife ndi amene timagwira foni kuti atsanzikane. Mu Epulo 2022 khothi la High Court linagamula kuti ndondomeko imeneyo inali yosemphana ndi malamulo chifukwa sinaganizire zoti munthu akhoza kufalitsa kachilomboka asakuonetsa zizindikiro. Lipoti loyamba la UK Covid-19 Inquiry, komiti yofufuza mmene boma linachitira pa mliriwu yomwe anaitsogolera Baroness Hallett, linatuluka mu Julayi 2024 nkunena kuti dziko linakonzekera mliri wa chimfine, osati wa mtundu uwu, ndipo linalephera nzika zake.

Ulendo uja sindinong'oneza nawo bondo, dzuwa lija ndi lomwe linandipatsa mphamvu m'miyezi yotsatirayo imene kunyumba ndimangofikira kuvula yunifolomu pakhomo nkuthamangira kubafa ndisanakhudze aliyense. Koma mkwiyo wanu ndikuumvetsa ndipo sindikuti muusiye, ndikungoti muulunjike koyenera. Pali gulu la Covid-19 Bereaved Families for Justice la anthu oferedwa ngati inu, ndi amene anakakamira kuti kufufuza kumeneku kuchitike, komanso ndi amene anayambitsa khoma lija la mitima yofiira m'mbali mwa mtsinje wa Thames moyang'anana ndi nyumba ya malamulo ku London, komwe achibale amakalemba mayina a okondedwa awo. Ngati mukufuna kukalembako dzina la amalume, ndilembereni ku inbox tipangane tsiku, ndikuperekezani.