Kit yotchipayo ine ndinagulapo, mverani zinandionekera

Achimwene kit ya second hand yomangira ma fly (nyambo zowedzera nsomba zomanga ndi nthenga pa mbedza) mukufuna kugulayo, taimani kaye. Ine ndinagulapo yotero ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita kuwawa. Mwini wake ankati wasiya kumanga ma fly chifukwa maso ayamba kuvuta ndiye akugulitsa zonse pamodzi, vayisi yopanira mbedza, bobini yogwirira ulusi, ulusi, thumba la nthenga lodzadza, ndi mbedza zambirimbiri mukabotolo kopanda chizindikiro chilichonse. Kabotolo kameneko ndi kamene kanandipweteka. Ndinafunsatu kuti mbedzazi ndi za kampani yanji, iwo amvekere ndi zabwino bwana ndagwirira nsomba zosawerengeka. Ine ndi phuma langa ndinangotumiza ndalama.

Masabata awiri usiku uliwonse ndili pa tebulo msana ukuwawa, ndinamanga ma fly 30 a mtundu wa Pheasant Tail pa mbedza za size 14. Amene mumamanga mukudziwa kuti fly imeneyi siifuna zambiri, amene anaiyambitsa Frank Sawyer ku mtsinje wa Avon ku England ankangotenga nthenga za kumchira kwa mbalame ya pheasant ndi kawaya ka kopa basi, ulusi osaikako n'komwe, kawaya komweko kamamanga komweko kamamizanso. Zanga zoyambirira zinali zonenepa ngati mphutsi zokhuta koma chakumapetoko dzanja linazolowera, ndinkachita kuziika pa chikhatho n'kumazisirira ndekha.

Tsiku lokawedza mmawa onse zii. Masana zii. Cha m'ma 5 madzulo ndinafika pa dziwe lina kuseri kwa chimwala, paja madzi othamanga amakumana ndi odekha, ndikungoona chinthu chakuda chikusuntha pansi, kukamwa koyera kutseguka n'kutseka, kutseguka n'kutseka. Nsomba ya trout ikamadya ma nymph, tizilombo ta m'madzi, pansi pamadzi imaoneka choncho. Ndinagwada n'kukwawa ngati wakuba nkhuku mawondo akulasidwa ndi timiyala, tippet, kachingwe kowonda ka kumapeto komangirako fly, ndinali nditamanga ya size 5X. Kuponya koyamba kunaperewera. Kachiwiri fly inakodwa m'nthambi kumbuyo kwanga, ndikumasula manja akunjenjemera uku ndikupemphera chamumtima kuti isathawe. Kachitatu inagwera kumtunda kwake bwinobwino, n'kumira, n'kumatsetsereka ndi madzi, kenako leader, chingwe chowonda chopita ku fly, inangoima pang'ono ngati yakodwa pa udzu. Ndinadzutsa ndodo. Eeeh abale! Reel yokulungira chingwe kulira, nsomba kuthamangira kumtunda, kudumpha kawiri mzere wofiirira wa m'mbali uja ukuoneka, trout ya mtundu wa rainbow yotalika kuchokera pa chigongono changa mpaka kunsonga za zala. Sindinagwirepo yotero chiyambire. Tinalimbana mpaka mkono kuchita dzanzi, ine ndalowa m'madzi mpaka m'chiuno osadziwa kuti ndalowa nthawi yanji, neti ili kumanzere, mutu wake watulukira pamwamba ndikuliona diso lake chonchi. Kenako ndodo inangoti weyu, chingwe kundimenya kumaso. Yapita.

Ndinkaganiza kuti mfundo yamasuka, paja ikamasuka tippet imatsala yopotana kumapeto ngati kamchira ka nkhumba. Ayi ndithu mfundo ili gwa, fly ilipo, koma mbedza yawongoka ngati singano. Ndinakhala pa mwala madzi akuchucha m'thalauza n'kutsegula bokosi, kutenga ina kuipinda ndi zala, yapindika. Ina, yapindika. Ina inachita kuthyoka. Zonse 30 ndinamanga pa waya wofewa ngati wa paper clip, chitsulo chosaotchedwa bwino, masabata awiri a tulo tanga.

Ndiye sizinatheretu pamenepo. Patapita mwezi ndikutsegula katoni ya zipangizo ndikupeza fumbi pansi, timakoko ta mphutsi, nthenga zikungoyoyoka ndikazigwira. Thumba lake lija linabwera ndi njenjete. Zinadya zake zomwe, chabwino zinali zachabechabe kale, koma zinalowanso mu khosi la tambala la grizzly, la nthenga zamizeremizere, lomwe mnzanga anandibwereka kuti ndiphunzirire ma dry fly, oyandama pamwamba pa madzi aja, ndipo amene munagulapo khosi labwino mukudziwa kuti silichoka ndi ndalama yamasewera. Ndinachita kusowa poyambira kumuuza. Kumulembera wogulitsa uja, ma tick awiri abuluu, osayankha. Kulembanso, akuti nsomba yaikulu imafuna odziwa kugwira ndodo. Ine! Kachitatu wandibuloka. Maso akuvuta ati, maso ake omwewo amene anaona bwino kuti ndalama yalowa? Munthu amadziwa kuti mbedza zake ndi zinyalala nchifukwa chake anachotsa pepala pa botolo, ndipo ndikukhulupirira pano akupusitsa wina ndi nkhani yomweyo ya maso.

Ndiye inu mbedza gulani zatsopano za m'paketi yolembedwa dzina ndi size, Mustad kaya Tiemco kaya Kamasan, ndipo iliyonse muziyamba mwaimanga pa vayisi n'kuikankha ndi chala, ikapanda kubwerera m'malo mwake tayani musanaonongerepo nthenga. Nthenga zilizonse zochokera kwa munthu kapena zotola, zitsekereni mu pulasitiki muike mu freezer sabata yathunthu, mutulutse masiku angapo kenako mubwezerenso, chifukwa mazira ena amapulumuka ulendo woyamba. Osazisakaniza ndi zanu musanatero.

Koma kit yo ngati mtengo uli bwino tengani, musayambe ndi zodula mungalire. Vayisi ya munthu uja ndi yomwe ndikumangira mpaka pano, ndinangoimanga ndi kalabala kuti isamaterereke. Yambani ndi fly ya Woolly Bugger pa size 8 kapena 10, mbedza yaikulu zala sizivutika, mchira wa nthenga zofewa za marabou, thupi la ulusi waubweya wa chenille, nthenga ya tambala (hackle) kuzunguliza basi, ngakhale itaoneka ngati yapondedwa ndi galimoto nsomba imadyabe. Komanso kunena zoona tsiku lija drag, buleki ya reel, ndinali nditamanga kwambiri ndipo nditaona neti yayandikira ndinakoka mwankhanza, mwina ndikanaipatsa mpata ikanalowa ndi mbedza yomweyo. Zotsala m'kabotolo zija ndimaphunzitsira whip finish, mfundo yomalizira fly, ana a mlongo wanga.