Tifunseni za Kulemba: Ndafika Pamutu 7 Koma Wakupha Sindikumudziwa

Mwezi uno makalata ambiri ndi a anthu ofuna kulemba nkhani zaupandu, zija zoti munthu wapezeka atafa kapena ndalama zasowa nde wina akufufuza mpaka wolakwa agwidwe. Ndasankhapo anayi, ena ndawadula pang'ono chifukwa anthuni mumalemba ngati simudzalembanso.

Funso: Akulu, ndikulemba nkhani yaitali ya wapolisi amene akufufuza imfa ya mwini kampani inayake. Poyamba zimayenda bwinobwino koma pano ndafika pamutu 7 ndakakamira, inenso sindikudziwa kuti anapha ndani kkkk. Nkhani yanga yoyamba mnzanga anatulukira wakupha ali pa peji 10 nde ulendo uno ndinati bola ndisadziwe ndi ine yemwe. Ndipange bwanji? — Wolemba usiku

Yankho: Achimwene, ndaseka kaye ndisanayankhe, osati kukusekani ayi koma dzenje mwagweramoli ndinagweramo inenso. Nkhani yangayo ili m'kabati mpaka lero, inathera pamutu 9 wapolisi wanga akungozungulira kufunsa anthu mafunso opanda mutu chifukwa ine womulembane sindinkadziwa chomwe akufunafuna.

Nkhani yaupandu kwenikweni ndi nkhani ziwiri zogona pamphasa imodzi. Yoyamba ndi ya zomwe zinachitikadi, anapha ndani, chifukwa chani, nthawi yanji, ndi chida chanji, anachokapo bwanji pamalopo. Yachiwiri ndi ya wofufuza amene akutolatola zidutswa za yoyamba ija. Owerenga amaona yachiwiriyo, koma inu simungailembe yoyamba musanaimalize. Nde mutu 7 uwo usiyeni kaye. Tengani pepala lina mulembe tsiku la imfayo ola ndi ola, ngati wakuphayo akuulula yekha, 6 koloko anali kuti, 11 koloko anali kuti, anakumana ndi ndani panjira, malaya anavala aja anakawataya kuti. Kenako chimodzimodzi kwa aliyense woganiziridwa. Pepala limeneli palibe adzaliwerenge koma ndi limene lidzakutulutseni m'dzenjemo. Mukamaliza mudzifunse kuti kodi munthuyu analakwitsa pati, chifukwa wakupha wa m'nkhani amayenera kusiya zolakwitsa ziwiri kapena zitatu, zimenezo nde zizindikiro zomwe wapolisi wanu adzamugwire nazo.

Alipo olemba ena amayamba osadziwa mathero, sindikukana, koma chimene sakuuzani nchoti akafika kumapeto amabwerera kukalembanso theka la buku kuti zinthu zigwirizane. Ngati mphamvu zimenezo muli nazo chabwino.

Tsopano za mnzanu uja anatulukira pa peji 10. Mankhwala ake sikuti inu musadziwe, koma muphunzire kubisa chinthu poyera. Tiyerekeze kuti wakupha ndi mlamu wake wa malemuyo, ndipo usiku wa imfayo mvula inagwa kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 1. Mmawa wapolisi wafika kunyumba kwa mlamuyo, iye akuti "ine ndinafika 6 koloko madzulo, galimoto sinatulukenso, funsani aliyense". Ali mkati mokambirana kamwana ka panyumbapo kakulira kuti mpira wake walowa pansi pa galimoto, wapolisi agwada, atambasula mkono, mpira uja wakaima pakati penipeni m'kachithaphwi, autulutsa mkono wonse uli matope mpaka m'chigongono, akupukuta ndi kansalu uku akung'ung'udza kuti malaya ake oyera aonongeka. Basi mupitirize nkhani, osanenapo kanthu. Wowerenga aseka, aganiza kuti mwangomuonetsa kuti wapolisiyu ndi wokonda ana komanso ndi waukhondo. Pamutu 20 mpamene wapolisi adzakumbukire kuti galimoto ikanakhala pamalo amodzi kuyambira 6 koloko, pansi pake pakanakhala pouma. Wowerenga adzabwerera mapeji mmbuyo nkupeza kuti zoonadi munamuuza kalekale iye osaona, ndipo kukoma kwa nkhani zamtunduwu kuli pamenepo.

Mwaona chomwe chachitika eti? Chizindikirocho chabwera chitavala malaya a chinthu china. Njira inanso ndi kuchiika pakati pa zinthu zambiri, wapolisi watsegula dirowa muli mabatire, lisiti, makiyi awiri, kabotolo ka mankhwala a m'maso, nde chofunikacho ndi lisitiyo koma maso a wowerenga athamangira kukabotolo. Kapena mungonena chinthucho kenako pompo foni ilire ndi uthenga woopsa, aliyense aiwala.

Chimodzi chokha musachite. Musadzatulutse wakupha pamutu womaliza amene sitinamuonepo nkale lonse, zoti kunali msuweni wina anachokera kunja. Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba nkhani zoterezi, anasindikiza malamulo khumi a nkhani zofufuza, ndipo loyamba lenileni limati wolakwayo akhale munthu amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani. Analetsanso zoti mlandu uthe chifukwa cha mizimu, zoti wofufuza angotulukira mwangozi kapena mtima ungomuuza, poizoni wosadziwika kwa asayansi, ndi mapasa ongotulukira mwadzidzidzi. Ena mwa malamulowo anali ngati nthabwala ndipo olemba akhala akuwaswa, koma mfundo yake ikadali yomweyo, wowerenga aone zonse zomwe wofufuza waona. Mukamupusitsa mwachilungamo amakukondani, mukamubera sadzagulanso buku lanu.

Funso: Ine sindine wapolisi kapena dokotala, mtembo sindinauyandikirepo. Kodi ndingalembe nkhani yaupandu yomveka? Ndimaopa kuti anthu odziwa adzandiseka. — Mayi wa ana atatu

Yankho: Mayi, mungalembe, koma kuwerenga kokha simungakuthawe. Nzoona kuti ena anayamba ali ndi mwayi. Arthur Conan Doyle anali dokotala, ndipo Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zake amene anayamba kuoneka mu 1887, anamutengera kwa mphunzitsi wake wa ku Edinburgh ku Scotland, Joseph Bell, amene ankatha kungomuyang'ana wodwala nkunena ntchito yomwe amagwira. Agatha Christie anagwirako ntchito yopereka mankhwala m'chipatala nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, nchifukwa chake poizoni ali mbwee m'mabuku ake. Koma ambiri olemba nkhanizi sanavalepo yunifolomu, anangowerenga ndi kufunsa.

Ndikupatseni zochepa zomwe anthu amalakwitsa kwambiri. Dokotala wopima mtembo sanganene kuti munthuyu anafa 10:15 ndendende, zimenezo nza m'mafilimu. Amapereka mpata, monga pakati pa 9 koloko ndi pakati pausiku. Thupi limayamba kuuma pakatha maola awiri mpaka sikisi, kuyambira nsagwada ndi khosi, pofika maola ngati 12 lauma lonse, kenako pakatha tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri limafewanso, ndipo kukamatentha zonsezi zimafulumira. Chinanso chothandiza kwambiri kwa wolemba nchoti mtima ukasiya kugunda magazi amatsikira mbali yomwe ili pansi nkusiya mabanga akuda, ndipo pakatha maola ngati 8 mpaka 12 mabangawo sasunthanso. Nde ngati mtembo wapezeka chafufumimba koma mabanga ali kumsana, ndiye kuti wina anautembenuza kapena anachita kuubweretsa pamalopo. Apa mwapeza kale mutu wathunthu wa nkhani.

Edmond Locard, amene anatsegula labotale ya apolisi ku Lyon ku France mu 1910, amadziwika ndi mfundo yoti zinthu ziwiri zikakhudzana chilichonse chimasiya kenakake pa chinzake. Chigawenga chimasiya tsitsi, ulusi wa malaya, zidindo za zala, komanso chimatengako fumbi kapena dothi la pamalopo. Mukamalemba pepala la zomwe zinachitikadi lija muzifunsa mafunso awiriwa nthawi zonse, wasiya chani, watenga chani.

Samalaninso ndi chaka chomwe nkhani yanu ikuchitikira. Zidindo za zala zinagwiritsa munthu mlandu wakupha koyamba mu 1892 ku Argentina, nde zimenezo nzakale. Koma zozindikira munthu ndi DNA, tizizindikiro ta chibadwa topezeka m'magazi, m'malovu ndi mbali zina za thupi, anazitulukira Alec Jeffreys ku Leicester ku England mu 1984, ngati nkhani yanu ndi ya m'ma 1970 wapolisi wanu asatchule za DNA, foni ya m'manja asakhalenso nayo. Ndipo chomwe chimandisangalatsa ine nchoti DNA itagwiritsidwa ntchito koyamba pa mlandu wakupha mu 1986, chinthu choyamba chomwe inachita sikugwira chigawenga koma kumasula mnyamata amene anali atavomera kale mlandu womwe sanapalamule. Taganizani, munthu kuvomera yekha koma si iyeyo. Wolemba wanzeru angoima pamenepo nkufunsa kuti chimene chingamuvomeretse munthu wosalakwa nchani.

Koma musakhuthulire zonse mwawerengazo m'buku. Pa zinthu khumi zomwe mwaphunzira lembanimo chimodzi, pamalo pake. Ndipo ngati zapolisi zikukuopsanibe, wofufuza wanu asakhale wapolisi. Akhale mphunzitsi, namwino, mtolankhani, mayi wa ana atatu amene mng'ono wake akumunamizira mlandu, munthu woti zomwe sakudziwa inunso simukuzidziwa, muziphunzira limodzi.

Funso: Pali mlandu wina unamveka kwambiri m'manyuzipepala, ndikufuna ndiulembe ngati nkhani yopeka. Ndingosintha mayina basi? — Wokonda nyuzi

Yankho: Mayina okha sizokwanira bambo. Ngati anthu angawerenge nkunena kuti aaa uyu ndi uje, ndipo inu mwamulemba ngati wakupha pomwe khoti silinamupeze wolakwa, akhoza kukutengerani kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri. Komanso kumbukirani kuti wakufayo ali ndi abale amene akadalira. Tengani chomwe chinakugwirani mtima pa mlanduwo, kaya ndi nsanje, kaya ngongole, kaya chinsinsi cha m'banja, nkuchiika mwa anthu ena, malo ena, chaka china, njira ina yophera. Mudzapezanso kuti milandu yeniyeni nthawi zambiri siikoma ngati nkhani, wakupha amadziwika tsiku lomwelo ndipo chifukwa chake chimakhala chopusa.

Funso: Mitu yomwe wapolisi wanga akufunsa anthu mafunso imatopetsa, ngakhale ine ndikamaiwerenga ndimasinza. Funso yankho funso yankho ngati mayeso. Ndiikometse bwanji? — Mtsikana wa kukoleji

Yankho: Achemwali, vuto ndi loti anthu anu onse akunena zoona kupatula wakupha yekha. Nchifukwanso chake amadziwika msanga. Apatseni onse chobisa. Mlembi wa pakampani akunama za komwe anali chifukwa anali ndi mwamuna wa munthu wina, mlonda akunama chifukwa anagona pantchito ndipo akuopa kuchotsedwa, mwana wa malemu akunama chifukwa anaba ndalama m'chikwama cha bambo ake madzulo omwewo. Palibe wapha pa atatuwa koma aliyense akutuluka thukuta, nde wowerenga sadziwa kuti aloze ndani. Bodza lililonse likaululika nkhani imasuntha, ndipo choonadi chaching'ono chimatuluka nacho, monga mlonda uja akavomera kuti anagona, akhoza kuonjezera kuti chomwe chinamudzutsa ndi kulira kwa geti cha m'ma 12.

Chachiwiri, munthu weniweni sayankha funso lomwe wafunsidwa. Taonani kusiyana kwake. Mukalemba kuti "Munali kuti 11 koloko?" "Ndinali kunyumba." palibe chachitika. Koma tayesani chonchi:

"Munali kuti 11 koloko?"

"Mwawafunsa kale akazi awo? Chifukwa ine ndikanakhala inu ndikanayambira kumeneko."

"Ndafunsa inu."

Anasuntha kapu yomwe inali patebulo, nkuibwezeranso pomwe inali. "Zomwe ndanenazi musawauze kuti ndanena ndine."

Funso silinayankhidwe koma tadziwa zinthu zitatu, akuzemba, amadana ndi mkazi wa malemu, komanso amamuopa. Manja akenso atiuza zomwe pakamwa pakubisa.

Wapolisi wanunso akhale ndi chake chomuvuta m'chipindamo, asamangokhala makina ofunsira. Mwina amene akumufunsayo anali mphunzitsi wake kale nde akulephera kumuyang'ana m'maso, mwina bwana wake wamupatsa masiku awiri okha ndipo akufuna angotseka mlandu ndi mlonda wosaukayo, mwina sanagone usiku wonse ndipo waphonya chinthu chomwe wowerenga wachiona. Musamafunsirenso anthu onse mu ofesi atakhala pampando. Wina amupeze akukonza galimoto, wina akuthamangira basi, wina ali pamaliro penipeni pomwe sangakweze mawu.

Mukamaliza mutuwo muuwerenge mokweza, pomwe mwayamba kuyasamula mudulepo. Kenako mupatse mnzanu mmodzi, osati wokukondani kwambiri, mumuuze kuti akamaliza mutu uliwonse azilemba m'mphepete dzina la amene akumuganizira. Ngati dzina likusinthasintha zili bwino. Ngati ndi limodzi lomwelo kuyambira mutu 2 ndipo ndi loona, bwererani kwa mlembi, mlonda ndi mwana uja mukawaonjezere mabodza.